Utsi wa Miimba ndi Munda wa Gologolo

Padangokhala, ndipo inu muvomere mokweza kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ndikamainena ndekha imandipsetsa mtima.

Padangokhala Gologolo, mayi wa ana anayi, amene anzake ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nankhoma. Chuma chake chonse chinali munda umodzi umene adamusiyira mayi ake, ndipo mayi akewo adaulandiranso kwa mayi awo. M'mundamo ankalimamo mtedza. Mvula ikagwa bwino nkhokwe inkadzaza, ana ankanona, iye n'kumayenda mchira uli m'mwamba osapempha kanthu pakhomo pa munthu.

Masiku amenewo miimba idayamba ntchito yonyamula nyama zolemekezeka. Idaluka chidengu chachikulu n'kumangako zingwe. Nyama ikafuna kupita kutali, kaya kumsonkhano, kaya ku ukwati, inkalowa m'dengumo, miimba n'kugwira zingwe, ulendo wa mwezi wathunthu n'kutha tsiku limodzi. Koma dengu lokhalamo Nyalugwe kapena Mvuu silidzuka ndi mapiko okha. Choncho Kapitawo Muimba, mkulu wa ntchitoyo, ankasonkhetsa chimoto cha nkhuni, utsi n'kuti tolo, miimba n'kukwera pa mpweya wotenthawo mpaka kumitambo. Ulendo wina m'mawa, wina masana, wina madzulo, motowo osazima.

Utsiwo udaphimba kumwamba n'kupirikitsa mvula. Chaka choyamba mvula idachedwa. Chaka chachiwiri idabwera, koma n'kudula pamene mtedza unkachita maluwa. Mbewa, Nkhanga, Fulu ndi tinyama tina tonse tinkangong'ung'udza m'makonde, koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gologolo adayang'ana m'nkhokwe, adayang'ana ana ake, n'kunyamuka kupita kubwalo.

Woweruza milandu pabwalopo anali Nduna Nyalugwe, yemweyo amene ankakwera dengu kawiri pa sabata. Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Gologolo adadziwa zimenezo, komabe adagwada, adaomba m'manja, n'kunena kuti utsi wa miimba wapha mvula ndipo ana ake ayamba kugona ndi njala.

Amene adaimirira kuyankha sanali Kapitawo Muimba ayi, anali mlembi wake, Khwangwala, wovala kolala yoyera, wa pakamwa potsetsereka ngati therere. Adayamba ndi kuthokoza. Adati miimba nayo ikumva chisoni kwambiri, mwinanso kuposa Gologoloyo, ndipo yapeza kale mankhwala ake. Mtengo, adatero Khwangwala, umamwa utsi monga nthaka imwera madzi. Kuyambira tsikulo aliyense wokwera dengu azikhala ndi mtengo wakewake, amangepo mfundo ya luzi monga timangira udzu pa chulu cha ngumbi kuti ena adziwe kuti chili ndi mwini. Wokwerayo azipatsa mlembi kanthuli ka nyama, mlembi n'kumupezera mtengo.

"Lamulo likhale lalifupi, a Nduna," adatero Khwangwala. "Mwini mtengo alibe utsi."

Nyalugwe adagwedeza mutu movomereza, mtima wake uli mbee, poti ulendo wake wa mawa lake sunasokonezeke. Adangofunsa kuti mitengoyo idzalidwa kuti.

"Amene wadandaula ndiye akuifunitsitsa mitengoyo," adayankha Khwangwala. "Tiwapatse ulemu mayi athuwa. Idzalidwe m'munda mwawo."

Abale inu, munthu wapita kukadandaula za njala, akubwerako atamudula theka la munda! Tsiku lomwelo miimba idatera m'mundamo, idazula mtedza wosakhwima n'kubzalamo mbande za bulugamu, mtengo woti ukamera pa dimba ngakhale chitsime chimauma. Ndipo dengu litanyamuka madzulo ake, miimba idayambitsa nyimbo yatsopano. Mmodzi ankatsogolera kunena kuti utsi wotsala m'mbuyowo si wawo, ena onse n'kuvomera kuti mtengo wa pansi waumeza kale, ndipo wotsokomola akutsokomola mwa kufuna kwake. Pothera pake onse ankachita ngati akumeza, khosi gwedegwede, okwera m'dengu n'kumaomba m'manja. Gologolo adaimva ali chiimire m'theka lotsalalo, khasu lili m'manja, misozi ya mkwiyo ili lengelenge.

Padapita miyezi. Mbande zambiri zidauma chifukwa panalibe wozithirira, koma Khwangwala ankamangabe mfundo pa timitengo toumato. Tsiku lina Gologolo adapeza kambande ka masamba awiri katathyoka pakati chifukwa cha kulemera kwa luzi. Pa kamtengo kamodziko panali mfundo ya Nyalugwe, ya Mvuu, ya Fisi, ya Njati, ya mlamu wake wa Njati, mfundo pamwamba pa mfundo ngati mkanda wa namwali. Adakazula n'kupita nako kubwalo, n'kukaponya pamapazi pa Nduna. Adafunsa ngati kamwana ka mtengo kotere kangamwe utsi wa nyama zonsezo, pomwe iko komwe kafa ndi ludzu.

Mukuganiza kuti Khwangwala adachita manyazi? Adakonza kolala, n'kunena kuti mayiwa ali ndi maso akuthwa ndipo bwalo liwathokoze. Zoonadi mbande zimachedwa kukula, choncho pafunika mitengo ikuluikulu yokhwima kale. Ndipo mitengo yotere ilipo, kumanda. Kuyambira tsikulo miimba iziteteza mitengo ya kumanda kuti isadulidwe, ndipo wokwera dengu azimanga mfundo yake kumeneko.

"A Mlembi," adatero Gologolo, "chiyambire dziko lino, ndani adalowapo kumanda ndi nkhwangwa kukadula mtengo?"

"Palibe, mayi."

"Nanga mukuiteteza kwa yani?"

"Kale sinkadulidwa mwamwayi chabe. Tsopano sidzadulidwa chifukwa cha ife. Kusiyana kwake n'kwakukulu."

Nyalugwe adati mawuwo ndi ozama. Fisi adati iye adaziganizapo kale zimenezo. Kenaka Khwangwala adawonjeza kuti eni mitengo adzafuna kumakaona mitengo yawo, ndiye pafunika msewu wopita kumanda, wotakata bwino woti Mvuu adutse osakhudza nthiti. Njira yachidule, mwatsoka, inkadutsa pakati pa theka lotsala la munda wa Gologolo.

Msewuwo udalambulidwa. Madzulo ake dengu lidanyamuka ndi nyimbo ija, ya utsi umene si wawo ndi mtengo umene waumeza, ndipo ulendo uno miimba idawonjezamo ndime yotamanda mizimu kuti nayo yalowa nawo ntchito. Gologolo adalavula pansi. Mayi ake enieni anali atagona kumandako, ndipo mtengo wa kumutu kwawo tsopano unali ndi mfundo ya Fisi.

Utsi sudachepe, udachita kuwirikiza. Nyama zimene kale zinkachita manyazi kukwera dengu tsopano zinkakwera mtima uli m'malo, poti aliyense anali mwini mtengo. Nguluwe ankakwera kukangoona apongozi kutsidya kwa phiri. Mvula ya chaka chimenecho idagwa masiku owerengeka, ndipo Gologolo adakolola timitanga tiwiri tokha pa kachigawo kamene kadamutsalira. Anzake adamuuza kuti asapitenso kubwalo, poti akapita kumeneko amabwerako atametedwa mpala wopanda madzi. Iye adati akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndipo adapita kachitatu.

Khwangwala adamulandira ngati mlendo wochokera kutali. Adauza bwalo kuti mayiwa afika pa nthawi yake, chifukwa miimba yapeza nzeru yoposa zonse. Vuto ndi nkhuni, nkhuni ndizo zili ndi utsi wakuda. Tsopano ayamba kusonkha moto woyera, wa mafuta ochokera m'munda, mafuta a mtedza. Ndipo mlimi wa mtedza wodziwika m'dziko lonselo ndi ndani kodi? Adatembenukira kwa Gologolo n'kumuweramira.

Timitanga tiwiri tija tidatengedwa tsiku lomwelo, mtedza n'kusinjidwa, n'kufinyidwa. Gologolo adatsatira mpaka pamalo osonkhera moto kuti aone ndi maso ake. Nkhuni zinali mulu womwe uja, wotalika ngati nyumba. Khwangwala adatunga chipande chimodzi cha mafuta, adadontheza pamwamba pa muluwo, n'kulengeza kuti moto wayera. Utsi udakwera wakuda bii ngati dzulo ndi dzana. Mafuta otsalawo musandifunse kumene adapita, koma kuyambira sabata imeneyo nthenga za Khwangwala zidayamba kunyezimira. Miimba idanyamuka ikuyimba nyimbo yake ija, ndipo pamene inkachita ngati ikumeza, Gologolo adamva ngati ikumeza chakudya cha ana ake.

Gologolo asanachoke, Khwangwala adamunong'oneza nkhani yotsiriza. Mvula yoyamba ikangogwa, kachigawo kotsalako kadzakhala ka miimba, kolimamo mtedza wa mafuta. Iye asadandaule, adzamulemba ganyu yopalira. Ganyu m'munda wa mayi ake! Kumeneko ndiye kudyera munthu masuku pamutu, n'kumupemphanso kuti asagwedezeke.

Gologolo adabwerera kwawo. Adakhala pakhonde masiku awiri, ana akulirira chakudya, iye akungobwereza m'mtima lamulo lalifupi lija, kulitembenuza uku ndi uku ngati chinangwa pa moto. Tsiku lachitatu adadzuka, adasamba, adadzola, n'kupita kubwalo kachinayi, nkhope ili yofatsa ngati ya mkamwini watsopano.

Adagwada n'kupepesa. Adati iye ndi mlimi wosaphunzira, wakhala akuvuta akuluakulu chifukwa cha umbuli, ndipo tsopano akufuna kulimvetsa lamulolo kuti akaphunzitse anzake a m'mauna. Khwangwala adafufuma. Adati afunse chilichonse, bwalo lonse likumva.

"Mtengo umamwa utsi ngakhale utsiwo utafukira kwina, mtengo uli kwina?"

"Kulikonse, mayi. Mpweya ndi umodzi."

"Ngakhale kambande ka masamba awiri?"

"Kadzakula. Timawerengera za m'tsogolo."

"Ndipo lamuloli ndi la akuluakulu okha, kapena ndi la aliyense?"

Khwangwala adayang'ana khamu la tinyama limene lidadzaza m'mphepete mwa bwalo, ndipo pofuna kuoneka wachilungamo adati ndi la aliyense, wamkulu ndi wamng'ono. Gologolo adapempha a Nduna kuti atsimikize ndi pakamwa pawo. Nyalugwe, akuyasamula, adati inde, mwini mtengo alibe utsi, ndipo womuimba mlandu wa utsi ndiye wolakwa. Gologolo adaomba m'manja katatu n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Tsono miimba inali itakonza phwando lokondwerera moto woyera, pansi pa mlambe waukulu pamene panali zisa zake ndi ofesi ya Khwangwala. Mlendo wolemekezeka anali Nduna Nyalugwe. Masiku otsalawo Gologolo adayenda una ndi una. Kwa Mbewa adapempha mapale, kwa Nkhanga masamba aawisi, kwa Fulu tsabola wouma amene nkhalambayo idasunga kudenga zaka zitatu, kambuzi weniweni woluma ngati mavu. Adauzanso aliyense kuti atole chigoba cha nkhono, athiremo dothi, abzalemo kambande kamodzi, amangepo mfundo ya luzi.

Tsiku la phwando lidafika. Dzuwa lili paliwombo, akuluakulu atakhala pa mikeka, nyama ili m'kamwa, Khwangwala ali pakati pa mawu ake otamanda miimba, tinyama tidatulukira mbali imene kunkachokera mphepo. Tidayenda pa mzere mwaulemu, dzanja lina phale la makala, dzanja lina chigoba cha nkhono. Tidakhala pansi, tidaika masamba aawisi pa makala, Gologolo n'kudutsa phale ndi phale kuwazamo tsabola.

Amene adapsererezapo tsabola m'nyumba akudziwa chimene chidachitika. Utsi udakwawa pansi n'kulowa m'phwandomo. Woyamba kuyetsemula anali Mvuu, ndipo adagwetsa mtsuko wa mowa. Fisi adatsamwa ndi fupa. Miimba ya m'zisa idayamba kugwa m'nthambi ngati mango akupsa. Khwangwala adayesa kupitiriza mawu ake, koma pakhosi padangotuluka kukhosomola kokhakokha. Apo Gologolo adakwera pa chitsa, adakweza chigoba chake m'mwamba, n'kuyambitsa nyimbo ija, yomweyo ya miimba, osasinthamo ngakhale liwu limodzi. Iye ankatsogolera kuti utsiwo si wawo, tinyama tonse n'kuvomera kuti mtengo waumeza kale, wotsokomola akutsokomola mwa kufuna kwake. Pothera pake tonse tidachita ngati tikumeza, ngakhale Fulu amene khosi lake limachedwa.

Kapitawo Muimba, amene nthawi yonseyi ankangotuma mlembi kumulankhulira, adaona ana ake akubanika m'chisa. Adatsika ngati mwala kuti akamwaze mapalewo, koma maso anali atatsekeka ndi misozi, ndipo adalowetsa mutu m'phale la Nkhanga. Nthenga za kumutu zidapsa psiti mpaka m'khosi.

Nyalugwe adadzambatuka, mamina ndi misozi zili chuchuchu, akupalasa mlengalenga osaona womugwira. Adalamula kuti motowo uzimitsidwe msanga.

"Moto uti, a Nduna?" adafunsa Gologolo ali pa chitsa, mwendo umodzi uli pafupi ndi una. "Ife tonse ndife eni mitengo. Tilibe utsi."

"Ndikubanika ine!"

"Pepani kwambiri. Tikumva chisoni, mwinanso kuposa inuyo. Koma pirirani, mbandezi zidzakula."

Adawazanso tsabola wina. Nyalugwe adagwada, adatsokomola mpaka nthiti kuwawa, ndipo mawu amene adatuluka adali oona oyamba kutuluka m'kamwa mwake chiyambire mlanduwo. Adati kamtengo ka m'chigoba sikangamwe utsi umene uli m'mphuno mwake lero, utsi ndi utsi, ndipo amene wausonkha ndiye mwini wake.

"Bwerezani, a Nduna, a kumbuyoku sanamve."

Adabwereza. Gologolo adamuuza kuti abwerezenso kachitatu, kamodzi pa chigawo chilichonse cha munda wake chimene adamulanda. Kenaka adati mapalewo azima pokhapokha lamulo lija litazima, ndipo munda wa mayi ake ubwerere wonse, kuyambira pa bulugamu mpaka pa msewu. Nyalugwe adayang'ana kumene kunali Khwangwala kuti amupatse mawu ozama, koma mlembiyo anali atabisa mutu m'phiko. Chaona mnzako chapita, lero chinali pa iwo. Nduna idavomera bwalo lonse likumva, ndipo tinyama tidakwirira makala ndi dothi.

Musaganize kuti Gologolo adapeza munda uja monga adausiyira mayi ake. Theka linali zitsa za bulugamu, pakati panali msewu wouma gwa umene Mvuu adaupondaponda, ndipo mbewu idathera m'chipande cha Khwangwala. Chimene chidamupulumutsa n'chakuti pa tsiku limene ankamulanda timitanga tija adabisa mtedza pang'ono m'masaya, n'kukaukwirira apa ndi apo m'malire. Adaufukula umodziumodzi. Adazula zitsa mpaka manja kuchita matuza, adagaula msewu, ndipo asanabzale adapita ndi abale ake kumanda kukapepesa, n'kumasula mfundo ya Fisi pa mtengo wa mayi ake. Chaka chimenecho adakolola zochepa, koma adadya ndi ana ake mtedza wa m'munda mwake, osati wa ganyu.

Miimba idayesa kusonkhanso chimoto chija, koma nthawi iliyonse ikaunjika nkhuni, tinyama tinkatulukira ndi mapale ndi tsabola. Mapeto ake dengu lidawolera pansi pa mlambe, Nyalugwe adaphunziranso kuyenda ndi miyendo yake, ndipo mvula idayamba kubwerera pang'onopang'ono. Mpaka lero muimba ali ndi dazi, ndipo sanyamuka m'mamawa. Amadikira dzuwa litenthe nthaka kuti akwere pa mpweya umene sadausonkhe yekha. Gologolo naye sadasiye kukwirira mbewu paliponse, ndipo zina zimamera n'kukhala mitengo, koma simudzapezapo mfundo.

Chimene chimandiwawa ine ndi Khwangwala. Palibe adamuimba mlandu. Mawu okha ndiwo adasasa ndi tsabola uja, koma kolala ikadali yoyera, nthenga zikunyezimirabe. M'mawa mwake adamuona akuuluka kupita kutsidya la mtsinje, kwa anthu amene sadamve nkhaniyi, atanyamula mtolo wa luzi kukamwa. Ndiye mukadzamuona watera m'munda mwanu, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuyeza malire, musamufunse kuti wadzatani. Tolani mwala.

Yanga yathera pamenepa, ndipo amene wamva kuyabwa pakhosi akatsokomolere panja.